Mchenga m'Njinga ya Agogo

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Yelemiya Mbewe, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la palafini wosakanikirana ndi gilisi wakale, kenako ndimawaona atakhala pachikopa cha mbuzi pansi pa mtengo wa mango, njinga ataigoneka chagada, nkhuku zikuwazungulira chifukwa timipira tachitsulo timene anatiyala m'chivindikiro cha chitini tinkaoneka ngati chakudya. Ankaziingitsa ndi chigongono osachotsa maso pantchito, pakamwa pakuwerenga: khumi ndi kamodzi mbali iyi, khumi ndi kamodzi mbali iyo. Amenewo anali mabelingi a pakati pa njinga, pomwe mapedulo amazungulira. Iwo ankapatcha pamchombo.

Anali munthu wosakhazikika. Amayi ankati bambo awowo anabadwira pamphambano. Phala ankamwa ataimirira, ndipo kutchalitchi ulaliki ukatalika bondo lawo linkagwedeza benchi yonse mpaka amayi a chigwirizano kucheuka. Komatu phazi lawo lakumanzere linaphwanyidwa ndi mwala ku migodi ya kunja, ku Walale, ali mnyamata, moti poyenda pansi ankachita kulikoka, ndipo kuchoka pakhomo kukafika kudimba ankapuma kawiri. Akangokwera njinga, n'kuponda pedulo ndi chidendene, ulemu wonse unkabwerera. Uthenga wa maliro m'midzi ya kwathu kufupi ndi Mkaika unkayenda ndi iwo, makalata a mpingo chimodzimodzi, ndipo mwezi uliwonse ankapalasa ulendo wa masiku awiri kupita chakumalire ku Vubwi, kukaona mlongo wawo yekhayo, a Nambewe, atamangirira mchere pakeliyala.

“Ukaipa dziwa nyimbo,” ankatero akusisita chishalo. “Nyimbo yanga ine ndi iyi.”

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Agogo nkhono sakanaiona maso, koma pa mabelingi aja ankadekha mpaka kuiwala njala. Mvula ikangotha, komanso dzinja lisanayambe, ankamasula pamchombo paja, kutsuka kampira kalikonse m'palafini, kukayang'anitsitsa padzuwa, n'kukabwezera m'kapu yake yachitsulo, momwe timipirato timakhala, ndi gilisi watsopano. Gilisi atasowa m'masitolo, zaka zija tinkaima pamzere kudikirira sopo ndi mafuta ophikira, ankatapa mafuta odzola a amayi, amayi n'kumalalata. Ankanyadira kuti anzawo mabelingi amawathera pa madzinja awiri, pomwe awo anali omwe aja anagulira limodzi ndi njinga dziko lisanalandire ufulu. Akafika pamtsinje ankatsika, n'kuinyamula paphewa, phazi lija likukokeka m'madzi. Ine ndinkaganiza kuti safuna kuti ide. Palibe anandiuzapo chifukwa chake, paja za njinga sizinkakambidwa ndi atsikana.

Ndinali ndi zaka khumi. Agogo ankanditcha mkazi wawo wamng'ono, monga amasererera adzukulu kwathu, ndipo ine udindowo ndinkautenga ndi mtima wonse. Ndinkawachapira mpango, kuwatungira madzi osamba, ndi kukangana ndi aliyense wofuna kukhala pachikopa chawo.

Chaka chimenecho, chakumapeto kwa dzinja, anabwerako ku Sinda atanyowa, njinga ili matope okhaokha, ndipo m'mawa mwake malungo anawagwetsa. Anagona sabata yathunthu akubuula, osati ndi mutu, koma ndi kugonako. Njinga inatsamira khoma ndi matope ake ouma, ndipo nthawi iliyonse ndikadutsa inkandipweteka m'maso. Mkazi wanji wosiya katundu wa mwamuna wake ali chonchi? Tsiku lachisanu, amayi atapita kumunda, ndinaikankha mpaka kumtsinje komwe tinkatsukira mapoto.

Ndinagwira ntchito, musanyoze. Ndinaigoneka m'madzi kuti matope afewe, kenako ndinatapa mchenga ndi chitsononkho, monga ndinkakwechera mapoto a mwaye, n'kuyamba. Masipoko limodzilimodzi, malimu, tcheni. Pamchombo paja ndiye panali pakuda kuposa paliponse, zonona zakuda zikutuluka m'mbali, ndipo ndinalimbana napo mpaka zala kuwawa. Ndinkathira mchenga wonyowa, kuzungulitsa pedulo kuti ulowe bwino, kutsukuluza, kuthiranso. Pomaliza njinga inkawala moti mayi wina wodutsa ndi ndowa anaima n'kunena kuti, “Koma mwana uyu adzasunga banja.” Ndinabwerera kumudzi mutu uli m'mwamba.

Patapita masiku awiri kunabwera munthu wochokera ku Vubwi kudzanena kuti a Nambewe adwala, ndipo akufunsa za mlongo wawo. Agogo anadzuka pomwepo, malungo asanawathere. Amayi anawaletsa, iwo osamva. Atatuluka panja n'kuiona njinga, anaima chilili.

“Wachita zimenezi ndani?”

“Ndine, agogo.”

Ndinkayembekeza kumwetulira. M'malo mwake anawerama n'kuyang'ana pamchombo, ndipo nkhope yawo inali ina, yomwe sindinaionepo.

“Waitsuka ndi chiyani, Esinati?”

Ndinadziwa kuti pali chimene ndalakwitsa, ngakhale sindinadziwe kuti n'chiyani, ndipo pakamwa panathamanga ndisanaganize.

“Ndangoipukuta ndi kansalu konyowa.”

“Siinalowe m'madzi?”

“Iyayi, agogo.”

Anakweza tayala lakumbuyo, n'kuzungulitsa pedulo kawiri. Tsiku lina lililonse akanatchera khutu, mwina akanamasula. Koma makutu anali akulira ndi mankhwala a malungo, mtima uli kale ku Vubwi, ndipo mkazi wawo wamng'ono anali asanawanamizepo. Anandigwira pamutu, n'kuti ndachita bwino, n'kukwera. Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa nsungwi, ndipo masana amenewo chakudya chinandikanika.

Anabwerera tsiku lachitatu dzuwa lili paliwombo, akukankha njinga, phazi litatupa mpaka kung'amba nsapato. Ku Vubwi sanafike. Anati njinga inayamba ndi kulira ngati mphero, iwo n'kumalimbikira poganiza za mlongo wawo, kenako mapedulo anayamba kugwedera, ndipo asanafike n'komwe pakati pa ulendo anangouma gwa. Atafika pakhomo sanamwe ngakhale madzi. Anaigoneka chagada pansi pa mango, n'kumasula. Timipira tija tinatuluka totuwa, tokumbikakumbika, tina titasweka pakati, ndipo m'makapu munali mizere yakuya. Anatapa zonona zotuwa zomwe zinali m'menemo, n'kuzifikisa pakati pa zala ziwiri, kwa nthawi yaitali. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikusenda chinangwa chomwe ndinali nditasenda kale.

Sanafunse aliyense. Anangoti, “Mwina ndakalamba. Mwina sindinamange bwino.”

Anakulunga makapu ndi timipira m'kansanza n'kutuma amayi ku Katete kwa Che Saidi, Msilamu wochokera ku Malawi amene ankakonza njinga pakhonde la sitolo yake. Ine ndinapita nawo kukanyamula mazira ogulitsa. Che Saidi anavala magalasi, n'kutembenuza kapu imodzi padzuwa, n'kupukusa mutu.

“Awa ndi a akulu aja a phazi? Zaka zonsezi sanagulepo kwa ine ngakhale kampira kamodzi, lero bwanji? Amayi, uwu ndi mchenga wa kumtsinje. Akulu aja sangalowetse njinga m'madzi, ndikuwadziwa.”

“Nanga atsopano alipo?” anafunsa amayi.

“Onani mashelefu. Ngakhale chigamba cha chubu ndilibe. Mphwanga akamabwera kuchokera kumudzi ndimuuza andifunire, Mulungu akalola. Koma liti, musandifunse.”

Pobwerera amayi ankangodandaula za kusowa kwa zinthu. Ine ndinkayenda kumbuyo.

Masabata amene anatsatira sindifuna kuwakumbukira, koma ndi amene amabwera okha. Munthu wobadwira pamphambano uja anakhala pakhonde. Ankadzuka, kufika pamango, kubwerera, kukhala, kudzukanso. Anakangana ndi amayi za mchere wa m'ndiwo, anakangana ndi mbuzi, anasema mipini isanu ndi umodzi pomwe makasu tinali nawo atatu. Belu la njinga likalira kumsewu ankatukula mutu, ndipo aliyense wochokera chakum'mawa ankamuitana kuti amve za a Nambewe. Basi yopita kumeneko inali yongomva mbiri, ndipo galimoto zinkadikirira kuti misewu iume. Anayesa kubwereka njinga ya mphunzitsi wina, koma mwini wake anati tayala ndi losokerera, silingafike. Chonsecho ine ankanditchabe mkazi wawo wamng'ono, n'kumandisungira nthochi yakupsa. Ndinkalakalaka akanandimenya.

Kangapo ndinafika pafupi, mawu ali pamilomo. Ndinkakhala pambali pawo n'kuyamba kuti, “Agogo,” iwo n'kuti, “Ee?” ine n'kufunsa ngati akufuna madzi.

Uthenga woti a Nambewe amwalira unafika Lachiwiri m'mawa, ndi mnyamata wa panjinga. Agogo, amene kwa zaka zambiri ankanyamulira anzawo mauthenga otere, anaulandira atakhala pansi. Anapita ndi amayi, pangolo mpaka kumsewu, kenako palole ya thonje, kenako wapansi, ndipo anafika anthu atabwerako kale kumanda. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, woyenera kulankhula pamaliro a mlongo wawo. Analankhula wina.

Atabwerako ndinawapeza pansi pa mango, njinga ili chagada pomwe anaisiya, dzimbiri litayamba kugwira tcheni chimene ndinachikwecha bwino chija. Sankachita kalikonse. Bondo lokha ndilo linkagwedezeka. Ndinagwada patali pang'ono, ndipo zonse zinatuluka nthawi imodzi, mtsinje, chitsononkho, mchenga, ndi momwe ndinkazungulitsira pedulo kuti ulowe bwino. Ndinalira mpaka mamina, ndikudikira ndodo.

Bondo lija linaima.

“Unkafuna iwale,” anatero.

“Inde, agogo.”

“Inawaladi. Mchengawo sindikukwiya nawo, mwana iwe. Sunadziwe, ndipo wosakuuza ndine. Ukanandiuza m'mawa uja, theka la botolo la palafini likanautulutsa wonse, dzuwa lisanafike pamutu ndikananyamuka, mlongo wanga ndikanamupeza akulankhula.” Anayang'ana njinga ija. “Chadya njinga yanga si mchenga. Ndi kansalu kako kaja.”

Sanakwezenso mawu, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo sanawauze amayi za nkhaniyi. Amayi anamwalira osadziwa.

Makapu ndi timipira tatsopano zinafika chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, mphwake wa Che Saidi atazibisa m'thumba la mpunga. Tsiku lomanga agogo anandiitana, n'kundikhazika pachikopa chawo, n'kundipatsa sipanala. Anthu odutsa ankaseka kuona mtsikana manja ali bii, iwo n'kuwayankha kuti wowononga ndiye akonze. Anandionetsa kumanga kosathinitsa komanso kosalekerera, ndi kumvetsera ndi dzanja pachitsulo, osati ndi khutu lokha. Zitsulo zatsopanozo zinali zofewa, sizinathe madzinja atatu, ndipo ankazinyoza tsiku lililonse. Anayambiranso kuyenda, ku Katete, ku Sinda, kumaliro a eni ake. Koma njira ya ku Vubwi sanaipondenso. Ankati kulibe womupatsa mchere.

Lero ndine gogo nanenso. Mdzukulu wanga ali ndi njinga ya makono, ya matayala onenepa ndi magiya ambirimbiri, yomwe mabelingi ake amabwera otsekeredwa, akatha n'kungotaya. Akamaithira madzi a m'paipi ndimalephera kukhala pampando, ndimatuluka n'kuyamba kulalata, iye n'kumaseka kuti agogo mwayambapo. Anzanga kuntchito ankanditcha wapakamwa, chifukwa ndikalakwitsa kanthu ndinkathamangira kukanena ndekha wina asanaone, ngakhale kanthu kosafunika kunena. Sankadziwa kuti si ulemu kapena chikhristu chimene chimandithamangitsa. Ndi mantha, a mwana amene anafunsidwa funso limodzi m'mawa wina, nthawi yokonza zinthu ikadalipo.

Agogo anandikhululukira chaka chomwecho. Ine ndiye sindinamalize kudzikhululukira.