Chitosi cha Magazi

Chaka chimene mwana wanga anayamba kukwawa, chiperoni chinavuta kwathu ku Likoswe. Ndinali ndi anapiye a mikolongwe, ndipo amayi anati, "Alowetse m'nyumba iwe, kunjaku afa ndi kuzizira." Tinawatchingira ndi makatoni pakona ya pabalaza, pansi tinathira utuchi. Madzi awo ankatayikira mu utuchimo ndipo sunkauma, dzuwa linalibe.

M'mawa wina ndikuchokera kokatunga madzi, ndinapeza katoni itagwa, mwana ali pakati pa anapiye, kukamwa kuli zakuda. Ndinamutokosa ndi chala, iye n'kumaseka. Poyang'ana pansi ndinaona zitosi zosakanikira ndi magazi, anapiye ena atavala jekete, mapiko ali lende. Ndinali nditawadonthezera katemera wa chitopa m'maso, ndipo ndinkayesa kuti ndatseka matenda onse.

Ndinatsegula foni n'kuyamba kufufuza za zitosi za magazizo. Akuti ndi tizilombo tokhala m'matumbo mwa nkhuku, timaboola mpaka magazi kutuluka, ndipo akatswiri akufufuzabe mapuloteni a tizilomboti kuti apange katemera wabwino. Ndinawerenga mpaka mutu kuwawa, koma za mwana wodya chitosi sindinazipeze.

"Iweyo unadya zingati uli wakhanda?" anatero amayi. "Si uno uli ndi satifiketi ya kukoleji?"

Sindinaseke. Ndinakulunga chitosi chimodzi m'tsamba la nthochi, mwana kumbuyo, n'kukwera kabaza kupita kuchipatala cha ku Namitambo. Njira yonse ndinkamugwira khosi. Akagona ndinkamudzutsa, akalira ndinkati zayambika.

Anamwino atatsegula tsambalo anandiyang'ana. "Mayi, wodwala ndi uti, uyu kapena nkhuku?" Anamuyeza, thupi silinatenthe. Anati tizilombo timeneti n'ta nkhuku, mwa munthu sitikhala, koma m'zitosi mumakhala zina zoipa. "Akayamba kutsekula kapena kutentha thupi mubwere naye msanga. Koma anapiyewo atuluke m'nyumba."

Pobwerera ndinadzera kwa alangizi a ziweto. Anati katemera wa chitopa ndi wa chitopa basi. Katemera wa matenda a m'matumbowa amamveka kumafamu akuluakulu, kumudzi kuno iwo anali asanamuone. Anandiuza mankhwala othira m'madzi akumwa, ndiponso kuti pogona anapiye pazikhala pouma.

Tsiku lomwelo ndinawasamutsira kukhitchini ya panja, amayi akung'ung'udza kuti mphepo ikulowera pansi pa chitseko. Masiku otsatirawo thewera lililonse ndinkakalitambasulira pabwalo powala. Mwana sanadwale. Anapiye ena anafa, kaya ndi matendawo kaya ndi kuzizira, sindidziwa mpaka lero.

Amayi ananyamula mmodzi wakufa pamwendo n'kundionetsa. "Waona?"

"Ndaona, amayi," ndinatero. "Koma m'nyumba salowanso."