Nyuwere ya mu Sepitembala

Ndikukumbukira ndili mtsikana wa sitandade folo, tikukhala m'nyumba za lendi ku Nsungwi. M'nyumba yoyandikana nafe munalowa Amayi Tigisti, ochokera ku Ethiopia. Amuna awo ankakhalira kuyenda pa malonda, ndipo mayiwo sankacheza ndi anthu chifukwa Chichewa chinkawavutabe.

Tsiku lina m'mawa, mu Sepitembala, kunja kuli fumbi lokhalokha, ndinawaona akuchokera kudambo atasenza udzu wauwisi. Anaumwaza pabalaza ponse, anavala zoyera mbee, kenako utsi wa lubani unayamba kutuluka pakhomo. Kumpopi azimayi anali ataweruza kale mlandu: mlendoyo akukhwimira bizinesi. Amayi anga anandichenjeza kuti ndikangopondako andikuntha.

Koma ine chidwi ndinabadwa nacho, moti ndinakasuzumira. Ndinawapeza akukazinga khofi pambaula, timakapu atatindandalika pathebulo, mbale itadzaza mbuliwuli, koma mlendo panalibe ndi mmodzi yemwe. Anandikodola ndipo ndinalowa. Ndisanameze n'komwe mbuliwuliyo, amayi anga anatulukira n'kundigwira khutu.

"Pepani, Amayi," anatero Amayi Tigisti m'Chichewa chawo chodukaduka. "Lero kwathu Nyuwere. Mvula yatha, maluwa atuluka. Aneba amabwera kumwa khofi."

"Nyuwere mu Sepitembala?" anadabwa amayi anga. "Nanga udzuwu?"

"Wolandirira alendo."

Amayi anga anayang'ana timakapu topanda omwera tija, n'kusiya khutu langa. Anatuluka n'kumapita. Amayi Tigisti anadikira pang'ono, kenako anayamba kubwezera timakaputo m'katoni kamodzikamodzi. Zinandiwawa mumtima kwabasi.

Posakhalitsa panja panamveka nthungululu. Amayi anga anali atabwera ndi oweruza a kumpopi aja, wina atanyamula zitumbuwa, wina mbatata yophika. Khofiyo anali wowawa moti ena ankamwa atachita tsinya, koma palibe anakana kapu yachiwiri. Amayi Tigisti ankathira uku akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

Nditakula ndinamva kuti kwina amayamba chaka atavala zofiira, kwina amathirana madzi m'misewu mu Epulo, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi mlendo ndimam'funsa za kwawo. Masiku ndi miyambo zimasiyana ndithu. Chimene ndinazindikira n'chakuti kulikonse chopweteka n'chimodzi: kukonza chikondwerero, n'kukhala ukuyang'ana kukhomo popanda wobwera kudzaodira.