Khadi Lofiira pa Ng'anjo ya a Tollefson

Sikisi koloko m'mawa inamupeza Marlys Tollefson atagwada pabalaza, mkono uli m'chibowo cha pansi chotulukira mpweya wofunda. Zitsulo zotchinga zibowo zonse za m'nyumbamo anali atazizula kale n'kuziviika m'bafa, ndipo tsopano ankapukuta m'kati mwa paipi mpaka pomwe zala zake zinkalekezera. Nsanza inkatuluka yakuda bii, ili ndi ubweya wa galu amene anafa kalekale.

Linali Lachiwiri. Lachisanu amuna ake, a Arvid, ankayenera kutuluka m'chipatala ku Duluth, kumene anali atagona milungu isanu. Dokotala sanabise mawu. Mapapo anali atatha, chotsala chinali kusankha kumene bambowo akathere masiku awo. Kwawo akanaloledwa kupita, koma pokhapokha nyumba ikhale yofunda usana ndi usiku, mapaipi a mpweya atatsukidwa ndi akatswiri, ndipo pakhale pepala lotsimikiza kuti ng'anjo yotenthetsa nyumbayo yapimidwa. Kupanda apo, anali opita kunyumba yosungirako okalamba. A Arvid atamva zimenezo anachotsa kapaipi ka mpweya pamphuno.

"Marlys, kumene kuja usakanditaye. Ndinakonzako ng'anjo ine. Anthu amangokhala tsiku lonse maso ali pakhoma."

"Bwezerani kanthu kanuko pamphuno," anatero Marlys. "Mukubwera kwanu."

M'tauni yawo yaing'onoyo munalibe nyumba imene a Arvid sanatsikeko kuchipinda cha pansi. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi ankakonza ng'anjo m'nyengo ya chisanu, makina oziziritsa m'chilimwe, ndipo pakati pake ankatsuka mapaipi. Pagalimoto ya ntchito panalembedwa dzina lawo lokha. Koma aliyense woimba foni ankayamba wakumana ndi Marlys. Foniyo inali pakhoma la kukhitchini, ya chingwe chachitali, ndipo iye ankaiyankha akukanda ufa wa buledi, akuyamwitsa, nthawi zina akudwala. Ndiye ankadziwa kuti kwa auje kuli khanda, kwa auje kuli nkhalamba yokhala yokha, n'kusanja kuti a Arvid ayambire kuti. Ena ankawauza kuti ayandikize foni pang'anjo, iye n'kutchera khutu.

"Sinthani sefa ya mpweya basi, mayi," ankatero. "Palibe chifukwa choti abwere."

Madzulo ankachapa maovolosi a mwaye, paokha, kawiri. Malipiro sanalandirepo, ndipo sizinamubwerere m'mutu kuti afunse. A Arvid atapuma ntchito, nyuzipepala ya m'tauni inalemba nkhani yaitali yowatamanda, kumapeto n'kuwonjezera kuti akazi awo amakonda kuluka.

Tsopano woimba anali iye. Chisanu choyamba cha Novembala chinali chitagwa ndipo okonza ng'anjo onse anali kalikiliki. Koyamba kumene anaimba kunayankha makina. Kwachiwiri anamuuza kuti adikire milungu itatu. Kwachitatu kunali kwa anthu amene kapepala kawo kanalowa m'bokosi la makalata, kolonjeza kutsuka nyumba yonse m'ola limodzi. Marlys anangowafunsa ngati makina awo okoka fumbi ndi a pagalimoto kapena onyamula m'manja. Munthuyo anayamba kuzungulirazungulira, iye n'kuthokoza mwaulemu n'kudula.

Kwachinayi kunali kwa a Curt Lindahl a m'tauni yoyandikana nayo. Amene anayankha anali akazi awo, ndipo chapatali kunkamveka madzi akuthira m'sinki. Marlys anafotokoza zonse mwachidule, monga iye mwini ankafunira kuti anthu azimufotokozera. Kenako anamva labala ikufufuta papepala.

"Mawa tinalemba ng'anjo ya dokotala wa mano," anatero mayiyo. "Koma iyeyo ali ndi poyatsira nkhuni, sazizidwa. Curt afika naini koloko, Mayi Tollefson."

Lachitatu a Lindahl anafikadi. Anali bambo wonenepa wa imvi m'ndevu, ndipo anavula majombo pakhomo asanauzidwe. Anasuzumira m'chibowo cha pabalaza n'kupukusa mutu.

"Mwapukuta nokha? Mukufuna ife tife ndi njala eti?"

"Ndimati musanyansidwe."

"Ine kunyansidwa? Dzana ndatulutsa gologolo wouma m'paipi kwa abusa."

Kwa maola atatu makina a pagalimoto anabangula panja, nyumba yonse ikunjenjemera. M'mapaipi munatuluka fumbi lodzaza matumba awiri, supuni imodzi, ndi kandolo ka mwana wawo Greta, amene tsopano anali ndi banja lake kutali ku Oregon. Atatha, a Lindahl anatsikira pang'anjo, Marlys akuwatsatira ndi khofi.

Pambali pa ng'anjo iliyonse pamakhala kapepala komata pomwe wokonza amalembapo tsiku limene wapima. Pa yawoyo panali mzere wa madeti olembedwa ndi dzanja la a Arvid, chaka ndi chaka, kenako n'kulekeza. Deti lomaliza linali la zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Marlys anakumbukira mawu a chaka chilichonse aja, akuti ya kwathu ndiiona mawa, za eni ake zithe kaye.

A Lindahl analowetsa katochi ndi kagalasi m'kati mwa ng'anjo. Nthabwala zinatha. Patapita kanthawi anamukodola kuti aone yekha. Pachitsulo cholekanitsa utsi wa moto ndi mpweya wopita m'zipinda panali mng'alu wotalika ngati chala. M'mphepete mwake munali zomata zakale, zotuwa, zosalazidwa mwaluso.

"Akuluwa anaona, n'kumata," anatero a Lindahl motsitsa mawu. "Anamata bwino, ine sindingafikepo. Koma yatsegukanso."

Marlys anaika kapu ya khofi pamasitepe.

"Curt, masiku awo ndi ochepa. Dokotala akuti mwina kufika Khirisimasi. Siingapirire milungu yochepa yokhayi?"

"Mayi Tollefson, zimenezi inu mukuzidziwa kuposa ine."

Ankazidziwadi. Pamng'alu wotero pamadutsa mpweya wakupha wopanda fungo, munthu amangomva tulo basi. Wokonza akaupeza amatseka gasi n'kumangirira khadi lofiira, ndipo palibe woyatsanso ng'anjoyo mpaka itasinthidwa. Kangati anthu anaimba kukhitchini kuja akulira, ena akutukwana, a Arvid atawamangirira khadi pakati pa chisanu? Ndipo ndi iye amene ankawayankha modekha kuti pepani, sangachotse, n'chifukwa cha moyo wanu womwe.

A Lindahl anatseka gasi. Anatulutsa khadi m'thumba la malaya, analembapo, n'kulimangirira ndi kawaya. Anati ng'anjo yatsopano yoyenera nyumba yakale ngati imeneyo ingafike ndi kuikidwa kumayambiriro kwa Disembala, ngakhale akazi awo atafufuta mayina a tauni yonse. Anasiya mahita awiri a magetsi otenthetsa m'nyumba kuti madzi asaundane m'mipope, ndipo potuluka sanayang'ane Marlys kumaso.

Marlys anaimbira namwino wa kuchipatala. Yankho linali lachifundo koma losasunthika. Mahita a magetsi pafupi ndi botolo la mpweya n'zosaloledwa, ndipo popanda pepala lija wodwalayo sangatumizidwe m'nyumba imeneyo. Kenako namwinoyo anapereka foni kwa a Arvid.

"Wabwera ndani?" anafunsa, akupuma movutika.

"Curt Lindahl."

"Chimimba uja? Wakwana pamasitepe?"

"Wakwana. Wapeza pamene munamata paja."

A Arvid anakoka mpweya pakapaipi ka pamphuno kaja.

"Ndimati ndisintha m'chilimwe."

"Chilimwe chake chiti, Arvid?"

Marlys anali asanawakalipirepo pa za ntchito.

"Wamanga khadi?" anafunsa bambowo.

"Wamanga."

"Wachita bwino. Akanapanda kumanga ndikanamutukwana." Anatsokomola kwa nthawi yaitali. "Basi, Marlys. Uwauze andilembe kwa okalamba kuja. Usadzivute."

Marlys anakhala m'khitchini atavala chikhoti, akuyang'ana bedi la chipatala limene anthu anali atabweretsa kale n'kuliimika m'chipinda chodyera. Disembala kwa munthu wina ndi pafupi. Kwa a Arvid kunali kutali.

Lachinayi m'mawa anaoloka kanjira ka galimoto kolekanitsa nyumba yawo ndi ya Ione Bergstrom, mayi wamasiye amene kale ankayendetsa basi ya ana a sukulu. Anakhala moyandikana zaka makumi anayi, koma Marlys anali asanapemphepo ngakhale kapu ya shuga. Kumeneko munthu sapempha. Ngakhale khofi amene wapatsidwa amayamba wakana kawiri, n'kulandira kachitatu.

Anapeza Ione akupala chisanu pagalasi la galimoto.

"Taonani akubwerawa! Nyumba yapsa kapena? Dzulo kwanu kumalira chimakina ngati ndege, mpaka mphaka wanga wabisala m'kabati."

"Amatsuka mapaipi."

"Chibwana cha Arvid chimenecho. Kutsuka za tauni yonse, zake n'kusiya. Akutuluka mawa mdala wovutayo? Ndamuphikira nyama ndi mbatata za mu uvuni, adye asiye kulongolola."

"Atimangirira khadi lofiira, Ione."

Ione anasiya kupala. Anayang'ana chumuni ya nyumba ya a Tollefson, mmene simunkatuluka kanthu.

"Lowa umwe khofi."

"Ayi, ndamwa."

"Lowa iwe, milomo yachita kuda ndi kuzizira."

Marlys sanasunthe. Anapisa manja m'matumba a chikhoti, maso ali pansi.

"Sindinabwerere khofi. Ng'anjo yako inapimidwa chaka chino, mapaipi n'kutsukidwa, ndinaona galimoto. Chipinda chako chosokera chija chilibe masitepe, ndipo windo lake linayang'ana khonde lathu. Kuwasambitsa, kuchapa, kudzuka nawo, zonse ndizichita ndekha, iwe sukhudzako. Amatsokomola kwambiri, ndisakunamize, ndiponso mwina sadzatulukamo ndi miyendo yawo." Anadzutsa mutu. "Ione, ndibwereke chipindacho. A Arvid adzagonemo, aziona kwawo."