Anandijambula Ngati Wapolisi Wachilungamo

Ine ndine bambo wachikulire, wapolisi wopuma pa ntchito, ndipo ndimakhala kufupi ndi pa Santhe. Dzina langa sinditchula, osati chifukwa cha mantha ayi, koma pali munthu wina wosalakwa amene amadziwika ndi dzina lomwelo, ndipo ameneyo ndamuzunza kale mokwanira. Zomwe ndikulembazi n'zochititsa manyazi. Ndinadya thukuta la munthu wosauka, kenako banja lake lomwelo linandilemekeza ngati mpulumutsi, ine n'kumagwedeza mutu kuvomera. Inu owerenga, makamaka amene mumavala yunifomu, werengani mpaka kumapeto.

Zaka zoposa makumi awiri zapitazo ndinkagwira ntchito pa kapolisi kena kakang'ono ka kumudzi, pakati pa maesiteti a fodya. Ndinali mnyamata wodzimva, nsapato zowala ngati galasi, koma nyumba yomwe ndinkamanga kwathu inali itaima pa mawindo, denga kulibe. Anzanga a pa ntchito ankandiseka kuti ndine wogona, ati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Poyamba ndinkakana. Kukana kwanga sikunapite patali.

Mukudziwa mmene utenanti umayendera kuno. Munthu amabwera ndi banja lake pa esiteti, amalima, kuthyola fodya, kusoka, kupachika m'zigafa, kusankha mpaka kudinda mabelo, chaka chonse akudyera chimanga cha bwana. Malipiro ake amawaona kamodzi kokha, fodya akagulitsidwa ku okushoni. Tenanti akathawa asanalipidwe, zake zonse zimatsala m'manja mwa mwini esiteti. Ndiye panali bwana wina amene anaona kuti njira yachidule yolemerera n'kuthawitsa matenanti ake mabelo akangokwera lole.

Chaka chimenecho amene anakolola bwino kuposa onse pa esitetiyo anali a Makwinja, bambo wofatsa wochokera kummwera, mkazi wawo ali woyembekezera. Bwanayo anandiitanira kuseri kwa chigafa n'kundiuza zomwe amafuna. Kapitawo wake akabisa fodya pang'ono m'denga la a Makwinja, ine ndikamupeze, ndiwamange, ndiwaopseze ndi zaka zambiri za kundende. Zikatero ndiwatsekulire kuti athawe. Mlandu usalembedwe paliponse, chifukwa ku khoti bodzalo likanaululika. Mphotho yanga inali malata okwanira nyumba yonse.

Ndinachita ndendende. Ndinawamanga unyolo pamaso pa mkazi wawo, iwo akulumbira kuti fodyayo sakumudziwa. Anagona m'chitolokosi masiku angapo, ine ndikumabwera pawindo kudzawauza mwachifundo chabodza kuti zawo zada, bwana uja ndi wamphamvu, akalowa kundende mwana wawo adzamupeza akumera ndevu. Lamulungu masana, anthu onse ali ku tchalitchi, ndinatsekula chitseko, n'kuwapatsa nsapato zawo ndi kabanzi kamodzi. Ndinawauza kuti atenge mkazi wawo athawire kutali, asadzayerekeze kuonekera ku boma kapena kudutsa pomwe pali apolisi, chifukwa dzina lawo lafalitsidwa kale dziko lonse. Bambo aja anagwada, kugwira mwendo wanga, akulira. Anafunsa dzina langa kuti azindipempherera, ine wopanda manyazi ndinawauza.

Malata anabwera pa ngolo sabata yomweyo. Nyumba inafoleredwa, akazi anga analulutira, ndipo ine nkhani ya a Makwinja ndinaiiwala ngati maloto. Zaka zinapita, ndinakwezedwa, ndinapuma pa ntchito ndi ulemu wonse. Ku mpingo anandisankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo pa maliro aliwonse mpando wanga unkakhala kutsogolo. Anthu akakangana za malire a minda ankati tiyeni kwa a Sajeni, amene aja sakondera. Ndinafika pokhulupirira ndekha kuti ndine munthu wabwino.

Chaka chatha kunabwera mnyamata wina pakhomo panga, wamtali, chikwama cha kamera chili pa phewa. Anakhala pansi mwaulemu n'kundiuza dzina lake, ndipo ndinaseka chifukwa linali dzina langa lenileni. Iye sanaseke. Anati wakhala akundifufuza kwa nthawi yaitali, ndi mwana wa malemu a Makwinja, ndipo anabadwira ku Wimbe komwe makolo ake anakabisala. Bambo ake ndi amene anamutcha dzinalo pokumbukira wapolisi wachifundo amene anaika ntchito yake pachiswe kuti awapulumutse.

Apa mpomwe ndikanaulula, inu owerenga. M'malo mwake ndinaitanitsa tiyi.

Mnyamatayo anafotokoza kuti iye ndi anzake akujambula filimu ya katangale wa apolisi, yochokera pa nkhani ya bambo ake. Mufilimumo muli mkulu wa apolisi wadyera amene amalandira ziphuphu kwa mwini esiteti, komanso muli wapolisi wamng'ono amene amavutika mumtima, kulephera kudya, mpaka kusankha chilungamo n'kutsekula chitseko. Amafuna kuti ineyo ndisewere wapolisi wabwinoyo, imvi zilibe kanthu, chifukwa palibe wina angadziwe zomwe zinali mumtima mwanga tsiku limenelo. Ndinayesa kukana ponena kuti ndakalamba. Akazi anga anandidzudzula kuti ndikukana mwayi, ana anga anasangalala kuti bambo awo aoneka pa kanema, ndipo kunena zoona, nanenso kamtima kofuna kutamandidwa kanandikoka. Ndinavomera.

Tinkajambulira m'sitolo ina yakale pa Santhe, yomwe anyamatawo anaisandutsa polisi poika tebulo ndi benchi. Ndinkawaphunzitsa kaimidwe, kapatsidwe ka sailuti, kamangidwe ka unyolo. Mnyamata amene ankasewera mkulu wadyera ankalandira chiphuphu moonetsera, ngati akugula tomato. Ine ndinamuwongolera kuti sizitero, munthu sutambasula dzanja, umangoyang'ana kumbali n'kudandaula za nyumba yako yopanda denga, wopereka amamva yekha. Onse anaomba m'manja, ati a Sajeni amawadziwa bwino akuba amene ankalimbana nawo. Ndinaseka nawo.

Mwana wa a Makwinja ndi amene ankasewera bambo ake. Tsiku lojambula potsekula chitseko anavala malaya ong'ambika, anagwada, n'kugwira mwendo wanga monga mmene mayi ake anamufotokozera. Nkhope yake ndi ya bambo ake osasiyana. Mawu omwe anandilembera anali oti, “Thawani bambo, ine sindingadye thukuta la munthu wosalakwa.” Ndinawanena, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Anyamata aja anakuwa ndi chimwemwe kuti akuluwa ndi akatswiri, sipafunikanso kubwereza. Sanadziwe chomwe chimandiliritsa.

Filimu itatha anakaionetsa mu holo ya pa sukulu ina Loweruka masana, mawindo atatchinga ndi zitenje. Anthu anadzaza mpaka ena kuimirira. Mkulu wadyera akaoneka ankamutukwana, ine ndikaoneka ankaimba mluzu. Pamapeto anandiitanira kutsogolo, ndipo pakati pa anthu panatuluka mayi wina wowonda, wa mpango woyera, atanyamula tambala. Anali mayi Makwinja. Anagwada pamaso panga ngati ndine mfumu, n'kuuza anthu onse mmene amuna awo anakhalira moyo wawo wonse ku Wimbe. Kwawo kummwera sanabwerereko, ngakhale ku maliro a mayi awo owabereka, poopa malodibuloko. Ankangogwira maganyu m'minda ya anthu, akaona galimoto ya polisi ankalowa m'chimanga. Atadwala chifuwa chachikulu anakana kupita ku chipatala cha ku boma, ati akandigwira ndikamuika m'mavuto wapolisi uja anandithandiza. Anamwalira pa mphasa, akunditchula m'pemphero.

Inu owerenga, munthu ameneyu anabisala mpaka kufa pothawa mlandu womwe kunalibe. Palibe wapolisi ndi mmodzi yemwe amene ankamufuna. Ndende yomwe anakhalamo zaka zonsezo ndinaimanga ndine ndi pakamwa pangapa. Ndipo tambala uja ndinalandira ndi manja awiri, anthu akuomba m'manja.

Kunyumba akazi anga anafuna kuti tambalayo aphedwe, ine ndinakana. Anakhala pabwalo akulira m'mawa uliwonse, ine osatha kumuyang'ana. Pa msika ana ankandithamangira akukuwa mawu anga a mufilimu aja. Abusa analalikira za ine Lamulungu lotsatira, ati tikanakhala ndi apolisi khumi otere dziko likanachira. Ndinayamba kuwonda, chakudya chosalowa. Mvula yoyamba itagwa, phokoso la pa malata lija, lomwe kale linkandigonetsa tulo tokoma, linandithamangitsa m'nyumba mwanga momwe. Ndinakaima pansi pa mtengo wa mango ndikunyowa, ndipo akazi anga atandifunsa ngati mutu wayamba kusokonekera, ndinawauza zonse. Iwo anangoti, “Ndiye tagona pansi pa thukuta la munthu zaka zonsezi?”

Ndinakwera kabaza kupita ku Wimbe. Ndinawapeza mayi Makwinja akupalira mtedza kuseri kwa nyumba, mwana wawo akukonza njinga. Mayiwo anathamanga kukandiyalira mkeka, ine ndinakana, ndinakhala pa dothi. Ndinafotokoza kuyambira kuseri kwa chigafa mpaka pa malata. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, mwinanso khasu la pamutu, ndipo zikanandipepukira zikanatero. Mayiwo anangondiyang'ana, manja ali pa miyendo.

“Ndiye kuti bamboo sankafunidwa?” anafunsa motsitsa mawu.

Ndinati ayi, sankafunidwa.

“Ngakhale tsiku limodzi?”

Ndinati ngakhale tsiku limodzi.

“Akanatha kupita ku chipatala?”

Mayiwo anadzuka, kutola khasu lawo, n'kubwerera ku mtedza. Ndinkamva khasu likugunda pansi, iwo akulira chamumtima. Mnyamata uja anakhala atagwira sipanala. Pomaliza anandiuza kuti dzina limeneli lili pa satifiketi yake ya sukulu, lili pa chiphaso chake, ndipo pa manda a bambo ake analembapo yekha kuti mwala uwu waikidwa ndi mwana wawo uje. Anandifunsa kuti alichotsa bwanji.

Filimu ija anasiya kuionetsa, ngakhale anzake anadandaula kuti thukuta lawo lapita pachabe. Amenewonso ndinawalakwira. Ku mpingo ndinaimirira ndekha n'kuulula, ndipo udindo ndinatula. Bwana wa esiteti uja anamwalira kalekale, esiteti yake inagawidwa, moti wotsala woti ayankhe mlanduwu ndine ndekha. Akuluakulu ananena kuti mlandu suola, ine ndinkayesa mwambi chabe. Malata aja ndinafuna kuwakanganula kuti ndikafolere nyumba ya mayi Makwinja, yomwe ndi ya udzu mpaka lero. Anatumiza uthenga kuti bola kudontheredwa. Ndiye akadali pa denga langa, ndipo dzinja lililonse amandikumbutsa.

Masiku ano anthu amene ankandipatsa mpando amandipatsa moni wa patali. Ena amati ndinapusa kuulula, chifukwa palibe akanadziwa. Mwina n'zoona. Koma ndikuuzeni kuti kunyozedwa pa cholakwa chako kumapiririka kusiyana ndi kutamandidwa pa icho. Mwanjira zonse ziwiri ndadutsamo, ndikudziwa yowawa kwambiri.

Inu apolisi achinyamata, ndi inu nonse amene muli pa mpando woti munthu wosauka amakuopani, chonde mverani ine. Wokupatsani chiphuphu amakuuzani kuti n'kanthu kakang'ono, munthuyo sapwetekedwa, angosamuka basi. Inu mumaona tsiku limodzi lokhalo, koma mnzanuyo amapita nalo bodza lanu mpaka kumanda, ana ake n'kulowa m'malo. Yunifomu imapangitsa kuti mawu anu akhale lamulo kwa munthu wosadziwa za malamulo. Musaigwiritse ntchito pomuopseza kuti mukhomere denga. Nyumba yopanda malata imadikira, sichita manyazi. Ndipo ngati pali amene munamulakwira kale ndipo akadali moyo, nyamukani lero mukamuuze zoona. Ine ndikanapita msanga, a Makwinja akanakwera minibasi kupita ku chipatala ngati munthu wina aliyense.

Inunso matenanti ndi alimi anzanga, wapolisi akakuuzani kuti thawani, funsani kaye kwa ena ngati mlandu wanu ulipodi. Si aliyense wokutsekulirani chitseko amene akukufunirani zabwino.

Mwezi wathawu tsiku la msika pa Santhe ndinamuona mnyamata uja akugula matayala a njinga. Ndinabisala kuseri kwa ogulitsa kaunjika, ine amene kale anthu ankabisala akandiona. Mnzake wina anamukuwira patali ndi dzina lathu lija, kawiri konse. Ine ndinacheuka. Iye sanacheuke.