Nkhope ya Mwini Dziko Kumbuyo kwa Mayi Nachisale

Ndikukumbukira amalume anga, Che Bwanali, telala wa pakhonde la sitolo ina pa Balaka. Munthuyo anali ndi nyengo ziwiri ngati chaka. Nyengo ina makina ankalira osapuma, eni ake osadya, osagona, akulonjeza kuti amanga njanji yofika ku Chikweo ndi manja awo. Ikatha imeneyo ankagona miyezi iwiri atayang'ana khoma, ngakhale fungo la kanyenya osawadzutsa.

Kuchipatala? Iyayi! Agogo, bambo awo, ankati, "Pamtundu pathu misala palibe." Ashehe analemba chithumwa, asing'anga anatema mphini, azakhali achikatolika anawaza madzi odalitsa. Amalume akadzuka okha nyengo yawo itakwana, atatu onsewo ankakanganirana kuti wachiritsa ndani.

Ndiye chaka china, moto uli pamutu, analandira nsalu za chipani zokhala ndi nkhope ya mwini dziko kuti asokere amayi ovina. Telala aliyense ankalidziwa lamulo: nkhope ikhale pachifuwa, sizasi isaikhudze. Amalume anasoka madiresi onse tsiku limodzi, akuimba.

Tsiku la msonkhano, apampando a amayi, Mayi Nachisale, munthu wodalitsika kumbuyo, anamasula chitenje cha pamwamba n'kulowa m'bwalo. Abale inu! Nkhope ija inali pamatako, diso uku, diso uku, msoko utadutsa pamphuno. Akathyola chiuno, mwini dziko ankatitsinzinira. Akuluakulu onse anawerama ngati ataya singano. Ine, wa sitandade 2, ndinaphulika nalo phwete. Ng'oma zinangoti zii.

Dzuwa lisanapendeke anyamata a chipani anafika kwathu ndi zingwe kudzamanga amalume. Masiku amenewo wotengedwa chonchi sankabwerako. Agogo anagwada pafumbi.

"Mabwana, uyu ndi wamisala! Chibadwireni! Funsani mudzi wonse!"

Ashehe, asing'anga ndi azakhali analumbira pamodzi kuti matendawo anawakanika kalekale. Sindinaonenso zipembedzo zikugwirizana chotero.

M'malo mwa ndende anawatengera kuchipatala ku Zomba. Anabwerako patatha miyezi itatu, atanenepa, ali ndi botolo la mapilitsi omwa tsiku ndi tsiku. Za njanji zinathera pomwepo, khoma nalo linasowa woliyang'ana. Ankatiuza zimene adokotala anawafotokozera, kuti matendawa ali m'mitundu: ena amakwera mpaka kudenga ngati iwowo, ena amangokwera pang'ono, koma kugwa kwake n'kwa m'chitsime.

Mayi anga, mlongo wawo, anali a mtundu wachiwiriwo. Ndazindikira nditamera imvi. Sabata ina ankazira nyumba katatu akuseka, kenako miyezi ali duu pamkeka. Mudzi unawatcha aulesi mpaka kumanda.

Lero mdzukulu wanga, namwino, akuti dzina la matendawa ndi bayipola, mankhwala alipo, ndiponso alangizi oti munthu azicheza nawo. Ndimati zikomo, adona. Koma nthawi yathu chiphaso cholowera kuchipatala chinali matako a Mayi Nachisale, ndipo mayi anga kusoka sankadziwa.