Chidindo cha Kufakitale

Chaka chimene ndinamaliza sekondale, ku Matero tinkaima pamzere pogula chilichonse, kaya ufa, sopo kapena mafuta ophikira. Ine ndinali mwana woyamba, wamkazi, m'nyumba ya khonsolo ya zipinda ziwiri. Atate anachoka ku Katete akali anyamata, ndipo kwa zaka zambiri ankakonza mamota ndi mawaya pafakitale ina yoluka mabulangete. Sukulu sanapite nayo patali, ntchitoyo anaidziwira m'manja. Loweruka ankandipatsa pulaya kuti ndiziwasendera mawaya, ndipo chidwi changa pa magetsi chinayambira pamenepo.

Zotsatira zitatuluka, masamu ndi sayansi ndinali nditakhoza bwino. Ndinakatenga fomu kuyunivesite n'kulembapo kuti ndikufuna uinjiniya wa zamagetsi. Mayi wa mu ofesimo anandiuza kuti kumeneko salowa mwachindunji, chaka choyamba aliyense amaphunzira sayansi, kenako amasankhapo ochepa. Anandipatsanso pepala lopemphera thandizo la boma. Kumunsi kwake kunali malo oti abwana a kuntchito kwa kholo asayine ndi kudinda chidindo.

Atate analipinda bwinobwino pepalalo n'kuliika m'thumba la ovololo. Sabata inatha. Ndikafunsa ankati abwana apita ku Ndola, tsiku lina n'kunena kuti wosunga chidindo akudwala. Kutatsala masiku atatu kuti asiye kulandira mafomu, ndinalipeza pansi pa Baibulo lawo, lili mmene ndinawapatsira. Ndinaganiza kuti amvera amalume, amene ankati mtsikana kwake ndi unamwino kapena uphunzitsi. Zinandiwawa. Ndinalitenga osauza munthu, n'kuuyamba wapansi wa kufakitale kuti ndikaonane ndi abwanawo ndekha.

Pageti ndinapeza tcheni ndi loko, m'kati udzu utamera mpaka pakhomo la ofesi. Mlonda, mkulu wina wa ku Kasama, anandifotokozera kuti makina anazimitsidwa miyezi inayi yapitayo, zipangizo zochokera kunja zitasiya kubwera, ndipo antchito onse anauzidwa kuti akadikire kunyumba. Nditamuuza kuti ndine mwana wa ndani, anayang'ana pansi.

"Batate banu bankala ku maliketi ya ku Chaisa masiku yano," anatero. "Mukabafune kumbuyo kwa ogulisa malasha."

Miyezi yonseyo atate ankadzuka nthawi yawo, kuvala ovololo, n'kutuluka ngati kale.

Ndinawapeza kuseri kwa matumba a makala, atakhala pa kireti pansi pa lata limodzi. Patsogolo pawo panali masimbi ositira akufa, wailesi yotsegula kumbuyo ndi kasitovu ka mbale imodzi. Anandiona ndikali patali, koma sanaimirire. Anamaliza kumanga sikuluwu imene anali nayo, kenako anapukuta kireti ina n'kundiuza kuti ndikhale. Ndinakhala, n'kuwauza kuti ndachokera kufakitale.

Anandiuza kuti amayi akudziwa, ndi kuti atatewo ndi amene anawaletsa amayiwo kundiuza. Ankayembekezera kuti mwina fakitale itsegulidwa mafomu asanatseke. Ku Chaisa anasankhako chifukwa kunalibe anthu a kutchalitchi kwathu.

"Ndiyambe ndafuna ntchito, atate," ndinatero. "Sukulu ndidzapita chaka china."

"Ntchito iti, mama? Geti lija waliona wekha. Bweretsa pepalalo."

Anabwereka cholembera kwa mayi wogulitsa tomato n'kundipatsa. Pamzere wa ntchito ya kholo ndinafuna kulemba kuti ndi amisiri a zamagetsi, koma anakana. Anati ndilembe zimene ndikuona, kuti amakonza masimbi pamsika. Ndinalemba zomwezo. Kenako tinapita kwa tcheyamani wa msika, amene anali ndi chidindo chake m'kabati. Inki inali itauma. Tcheyamaniyo anadonthezerapo madzi, n'kudinda mwamphamvu, zilembo zina osaoneka n'komwe. Tsiku lotsatira atate anandiperekeza mpaka pageti la yunivesite, koma kulowa anakana. Anandidikira pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja.

Kalata inachedwa kwambiri, mvula inagwa mpaka kukata ndikali kunyumba. Itafika, inati anditenga, ndipo thandizo la boma andipatsa. Chaka choyamba chitatha, dzina langa linali pakati pa osankhidwa kupita ku uinjiniya. Ndinakwera minibasi kukawauza atate kumsika komweko. Anangogwedeza mutu, n'kundifunsa ngati ndadya.

Fakitale ija sinatsegulidwenso. Atate anakhala pamsikawo mpaka maso atayamba kuwavuta, ndipo za miyezi inayi ija sitinakambiranepo, ngakhale tsiku limodzi. Titawaika m'manda ndi pamene amayi anandiuza kuti miyezi yonse ija atate ankapita ku Chaisa ndi kubwerako wapansi, ndipo madzulo ankayamba asamba kumapazi pampopi wa kumsewu wina kuti ana tisaone fumbi.