Chaka chimene boti la bambo linagona pamtunda

Bambo anga, a Casimir, anayamba kugwira nkhanu za m'matope mamina ali m'mphuno. Sukulu anaisiyira panjira ngati ine. Atakula anakadula mitengo ku esiteti zaka zambiri, iwo ndi mng'ono wawo, mpaka anagula boti la injini ndi laisensi yogulitsira nkhanu kumzinda wa Darwin, kutsidya kwa nyanja. Pachilumba pathu anali nayo ndi iwo okha. Ena onse amagwira zongodya pakhomo.

Bambo aang'onowo sindiwatchula dzina. Anamwalira, ndipo kwathu dzina la malemu silitchulidwa; pakamwa panga pamakanabe.

Awiriwa ankagwira ntchito akunyozana. Ukaima pagombe unkawamva boti lisanaoneke n'komwe.

"Achimwene, miono mwaitchera ngati mukuopa kunyowa!"

"Khala chete iwe. Ng'ona zimakusiya chifukwa ulibe mnofu."

"Inuyo zimakusiyani chifukwa cha fungo."

Mwamuna wanga Leander anayamba kuyenda nawo ndili ndi pakati pa mwana woyamba. Akabwera tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kumanga nkhanu zala ndi chingwe, n'kuziika m'mabokosi okutira ndi ziguduli zonyowa kuti zikwere ndege zili zamoyo. Ufa, tiyi, matewera a mwana, zonse zinkachokera m'mabokosi amenewo.

Tsiku lina bambo aang'ono akukoka mono anangokhala pansi m'botimo, atagwira pachifuwa. Pofika pagombe n'kuti atatsirizika. Kuyambira pamenepo boti linasanduka pukumani, loletsedwa kulikhudza. Miono nayonso, zingwe, ngakhale kamtsinje kamene anaferako, zonse zinatsekedwa mpaka tsiku lozika mitengo yosema pamanda, kuvina ndi kufukiza utsi. Anyamata analikokera pamtunda n'kulizunguliza ndi nsalu. Bambo sanafunse munthu aliyense ngati pali njira ina. Ifenso sitinaganize zofunsa.

Mwambowo unachedwa. Mvula inadula misewu, abale akumpoto osatha kufika. Itakata, kwa anthu oyenera kutisemera mitengo kunagwanso maliro. Chaka chinatha udzu ukumera pansi pa boti.

Nthawi yomweyo a boma oona za usodzi anati nkhanu zikuchepa, malaisensi achuluka. Aliyense amene sanagulitse nkhanu zokwanira m'zaka ziwiri zapitazo amulanda. Chaka choyambacho chinali cha chilala, nkhanu zinavuta kwa aliyense, koma anzathu a kumtunda anabweza chaka chachiwiri. Ife chachiwiricho tinalibe ngakhale chala cha nkhanu. Tinafukiza boti, tinavina, bambo anasamba n'kumeta. Injini isanalire n'komwe, foni inalira kuti laisensi yathetsedwa.

Tinapeza loya wothandiza anthu osauka, mayi Halloran, munthu wabwino koma wotopa, wa milandu yambiri kuposa manja ake. Anati tichite apilo. Tinkakwera sitima ya pamadzi kupita ku Darwin, ine ndi bambo, wakhanda wachiwiri ali m'manja. Ulendo wina anati woweruza wadwala. Ulendo winanso anati a boma apempha nthawi. Bambo ankakhala pabenchi atavala nsapato zobwereka, zala zikuwawa, osadandaula.

Tsiku lozenga mlandu, mayi Halloran anatitengera pakona.

"Bambo Casimir, lamulo limakhululukira zinthu ziwiri zokha: mwini akadwala, kapena boti likawonongeka. Chaka chonse chija simunadwaleko? Ngakhale msana, kusowa tulo?"

"Ayi mayi, ndinali bwinobwino."

"Injini nayo? Chaka chathunthu pamvula, siingakhale yabwino."

"Ija ndi injini, mayi. Inalira kamodzi n'kamodzi."

Ndinawatsina pamkono. "Bambo, mukuwamva zimene akukufunsani?"

"Ndikuwamva, Perpetua. Ukufuna ndinene kuti mng'ono wanga ndinamulirira chifukwa injini inafa?"

M'khotimo loya wa boma anali mnyamata waulemu, wolankhula motsitsa. Anafunsa ngati panali wapolisi kapena lamulo lolembedwa limene linawaletsa kulowa m'madzi. Bambo anati ayi. Anafunsa chifukwa chake sanabwereke boti lina. Bambo anati miono inali yotsekedwa, kamtsinje kotsekedwa, ndipo munthu wolira mng'ono wake sapita kukachita malonda. Mnyamatayo anagwedeza mutu ngati wamvetsa. Kenako, pofuna kutsimikiza tsiku la imfa, anawerenga dzina la malemu mokweza, lonse, kawiri.

Mayi Halloran anadzuka kuti amuletse, koma linali litatuluka kale. Bambo anatseka makutu ndi manja, n'kuimirira, n'kutuluka. Sanamenyetse chitseko. Ndinawapeza panja atavula nsapato. Ndinawachonderera kuti abwerere, mwana akulira, anthu akutiyang'ana.

"M'chipinda muja mulibe malo anga tsopano," anatero. "Amuitana mng'ono wanga, ndiye wabwera. Ayankhe yekha."

Mnyamata uja anadzatipepesa pambuyo pake, ndipo ndikhulupirira kuti sanachite dala. Koma mlandu unatha bambo palibe. Patapita miyezi woweruza anagamula kuti akulemekeza mwambo wathu, kungoti lamulo silinautchule, ndipo iye sangawonjezere mawu amene mulibe. Mayi Halloran anati tikhoza kupita ku khoti lalikulu, koma ananena akuyang'ana pansi. Laisensi yatsopano sapereka. Yogula kwa munthu wina mtengo wake ndi wa nyumba ya m'tauni.

Leander anadikira mpaka ufa unatha. Tsopano ali ku Darwin, amakoka miono m'boti la kampani, amabwera mwa apo ndi apo. Akabwera salankhula za nkhanu pamaso pa apongozi ake. Ana akumuzolowera pa foni. Wamkuluyo anandifunsa tsiku lina ngati bambo ake amakhala m'kati mwa foniyo.

Bambo amapitabe kumadzi, poti zodya pakhomo palibe amene angawaletse. Amatchera miono yochepa, amabwera dzuwa lisanatenthe. Tsitsi layera msanga. Masana amakhala pakhonde kukonza zingwe zimene zilibe vuto.

Sabata yatha namwino watsopano wa kuchipatala anawaona akutsitsa ndowa pagombe. Anathamangira atatulutsa kale chikwama.

"Agogo, zazikulu bwanji! Mundigulitse ziwiri."

"Sindigulitsa, mwana wanga."

"Ndikupatsani mtengo wa ku Darwin."

"Ukandipatsa kobiri, mawa andilanda boti. Tenga."

Anamusankhira ziwiri zonenepa, anazimanga zala bwinobwino, n'kumusonyeza pogwira kuti zisamupane. Namwinoyo anathokoza kwambiri, akuti anthu a kuno ndi opatsa. Bambo anamwetulira mpaka mtsikanayo anakhota pamsewu. Kenako anandipatsa ndowa ndi zotsalazo, anati ndikaphikire ana, iwo alibe njala.